Makalata Othera Kudzala

Amene akufuna kumunena Jessica ayambe wakhala pansi, amve mmene zinayendera. Pamsika pa Mauwa nkhani yake yapotozedwa mokwanira, ena mpaka akuti anagulitsa amayi anzake kwa akuba a pa intaneti. Bodza lamkunkhuniza limenelo. Mwana uyu ndi wa mbumba yathu ya kwa Nchema, ndipo mbumba imeneyi ili ndi zilema zake, koma kuba ayi.

Anabadwa chaka cha chilala chija anthu ankadya mgaiwa wachikasu wa chithandizo. Bambo ake anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Boma, ndipo Jessica anakulira pansi pa tebulo la makina, kutola tizidutswa ta nsalu. Miyendo yake itangofika pa chopondera, anayamba kupalasa. Ali Sitandade 6 ankalumikiza kale kolala ya shati osakwinya, chinthu chimene atelala ena a ndevu zawo chikuwakanika mpaka lero. Bambowo anamwalira iye ali Folomu 2, makina n'kupita ndi abale akuchimuna, monga zimakhalira.

Amene anaimirira pa nthawiyo ndi malume ake, a Levi. Izi zinenedwe ndithu, chifukwa popanda izi zotsatirazo sizimveka. A Levi ndi dikoni wa tchalitchi cha Baptist cha m'mudzi mwathu, munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala. Ndi iwo anamukoka mpaka Folomu 4. Ndi iwo anakhala nkhoswe pa ukwati wake. Mwamuna uja atapita ku Joni n'kungoti zii, ndi a Levi anapalasa njinga kukathetsa nkhani kuchimuna, n'kumudulira Jessica kamunda koti azidyetsera mwana wake Tina. Mwinimbumba wotere sumuyang'ana m'maso. Akapempha madzi, umabwera ndi thobwa.

Gulu la amayi osoka ku Mauwa linayambira m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, kufupi ndi chipatala. Amayi khumi ndi awiri, Asilamu ndi Akhristu pamodzi, ankasoka mayunifolomu a sukulu ndi zikwama za zitenje. Mabanja ankadya kuchokera m'kachipinda kameneko. Koma makina asanu ndi atatu amene ankalira mmenemo sanali awo. Anawabwereka kwa kabungwe ka anthu opuma ntchito a ku Ulaya, ndipo pangano linali limodzi: teremu iliyonse ya sukulu azitumiza lipoti ndi zithunzi. Gulu likangokhala chete, makina amapita kwa ena, poti opempha ndi ambiri.

Kabungweko kanawapatsa laputopu yakale ndi adiresi ya imelo ya dzina la gulu lawo, osati izi za aliyense. Mawu achinsinsi otsegulira, amene amayiwo ankangowatchula kuti kiyi, anamusungitsa Jessica, poti ndiye anali ndi Chizungu. Ankapalasa makina ake a pafupi ndi zenera mpaka masana, kenako n'kupukuta manja, kukhala pa laputopu. Zaka zinadutsa chonchi popanda banga.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy uja, n'kusasula denga la tchalitchi cha a Levi. Anthu anapemphera miyezi ingapo pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lina masana a Levi anatsamiritsa njinga yawo pa nkhokwe ya Jessica, n'kukhala pampando.

“Make Tina,” anatero atamwa thobwa, “Mulungu watsegula khomo.”

Anatulutsa m'thumba la jekete kafulashi kofiira kosungira za pa kompyuta, kochepa ngati chala cha khanda. Bambo wina wa ku Limbe, amene anadziwana naye mu minibasi, anawaikiramo maadiresi zikwizikwi a azungu, akuti onse okonda Mulungu.

“Koma akuti imelo yangayi ndi yawamba, azungu saiwerengera. Yanu ija ili ndi dzina, ili ndi ulemu. Undibwereke kiyi sabata imodzi.”

“Amalume, kiyi ameneyu si wanga. Ndi wa gulu.”

“Nanga ndati ndikukagulitsa? Mnansi akadzapala moto, moto wako umachepa?”

“Ayi, kungoti anatiuza kuti…”

“Anakuuza azungu. Amene akukuuza pano ndi malume ako. Kapena sukulu ija inali yoti uzidzandiwerengera malamulo?”

Ananena akuseka, koma maso awo sankaseka. Jessica anatenga kapepala kodulira patani, n'kulemba mawu aja.

A Levi analemba kalata yawo monga amalembera munthu woleredwa. Sanalumphe moni. Anayamba ndi okondedwa mwa Ambuye, anafunsa za moyo wawo, za ana awo, za nyengo ya kwawo, zonse m'zilembo zikuluzikulu kuti azungu aone kuti n'zochokera pansi pa mtima. Kenako nkhani ya denga, ndi chithunzi chake. Mawu oti mwamsanga anawabwerezabwereza. Pansi sanalembe dzina lawo, analemba la gulu, kuti kalata ilemere.

Lamulungu lina, mapemphero atatha, anamukokera Jessica pambali, nkhope ili ngwee.

“Bambo wa ku Limbe uja ndi dolo. Kalata iliyonse waiika kadiso kosaoneka. Mzungu akangotsegula, ine kuno ndadziwa. Akadina pa chithunzi cha denga, ndadziwa. Dzulo atsegula a ku Canada!”

Jessica anangoti, “Eetu, amalume.” Koma panjira yonse ankaganiza za kadiso kameneko, kakusuzumira m'nyumba za eni, dzina la gulu lili pamphumi pake.

Sabata ija inasanduka miyezi. M'bokosi la gulu munayamba kugwa makalata obwerera, mazanamazana, ngati ngumbi mvula ikagwa. Ochepa anali a anthu enieni, ndipo amenewo anali otukwana. Jessica ankawafufuta mwamanyazi, osauza munthu.

Teremu itatha anatumiza lipoti monga mwa nthawi zonse, ndi zithunzi za ana atavala mayunifolomu atsopano. Kale yankho linkabwera msanga, lochokera kwa mayi wina wokalamba amene ankafunsa ngakhale za chifuwa cha Tina. Koma mayi ameneyo anali atasiya ntchito chifukwa cha matenda, foni yake n'kuzima, ndipo amene analowa m'malo mwake sankadziwa nkhope ya aliyense ku Mauwa. Yankho silinabwere.

Inabwera kalata ina: sitinalandire lipoti lanu, kodi zonse zili bwino? Jessica anayankha tsiku lomwelo, n'kutumizanso lipotilo. Patapita masabata inabweranso ina: sitikumva chilichonse kuchokera kwa inu, tikukukumbutsani za pangano. Anayankha. Anayankhanso. Anaganiza kuti ndi netiweki, anabereka laputopu kumsana ngati mwana, kukwera chitunda cha kuseri kwa msika, n'kutumiza ali pamwamba. Laputopu inkanena kuti zapita. Amene analotapo akukuwa, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka, chilombo chikuyandikira, adziwa mmene mwana ameneyu ankamvera.

M'kachipinda muja nthabwala zinatha. Makina okha ndi amene ankalankhula. Wina anati mwina gulu la kutsidya, limene linkasirira makinawo, latimanga. Wina anabwera ndi botolo la madzi amchere oti awaze laputopu. Subira, wodula nsalu wa gululo, mnzake wa Jessica wapamtima, mayi wa pakamwa pakuthwa ngati sizasi yake, analanda botololo.

“Mukufuna muiphe ndi madzi kuti tilire maliro awiri? Inu achemwali Jessica, valani, tipite ku Limbe kwa achimwene anga. Sing'anga wa zinthuzi ndi iwowo.”

Che Rajabu, mlongo wake wa Subira, amakonza makompyuta m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, komanso amayang'anira maimelo a timakampani tingapo. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

“Tanditumizirani kalata ine, ndili pomwe pano.”

Jessica analemba moni, n'kutumiza. Atatuwo anayang'ana pa kompyuta ya Che Rajabu. Bokosi lawo linangokhala phee. Kenako anatsegula mbali ina, kumunsi.

“Nayi. Yagwera kudzala.”

“Kudzala?”

“Sipamu. Kumene kumatayidwa makalata a akuba ndi a ogulitsa mankhwala abodza. Palibe amene amakasuzumirako, ndipo pakapita mwezi zimafufutika zokha. Makalata anu onse aja anathera kumeneko. Ena sanafikeko n'komwe, anabwezedwa pageti.”

Anafotokoza kuti pageti la bokosi lililonse pali mlonda. Si munthu, ndi makina, ndiye sungamupepese, sungamugulire fanta. Ntchito yake ndi kununkhiza makalata ndi kukumbukira mayina, ndipo alonda a dziko lonse amauzana. Anapempha kiyi, anafufuza kwa kanthawi, n'kuimba kamluzu.

“Pa dzina ili pachoka makalata zikwi zambiri, opita kwa anthu osakudziwani. Ambiri anadina batani loti ichi n'chinyalala. Ndiye taonani moni wake. Okondedwa, mwamsanga, zilembo zikuluzikulu. Akuba a pa intaneti amayamba chomwechi.”

“Ndiye moni wasanduka mlandu?” anafunsa Subira.

“Kwa mlonda ameneyu, eya. Iye amadziwa kuti wa moni wautali akufuna kanthu. Komanso pali aka.” Analoza pa chithunzi cha denga. “Kadiso kowerenga amene watsegula. Munthu akadina apa sapita molunjika, amayamba wadutsa pa adiresi ya eni kadisoka, ndipo adiresi imeneyo mbava za dziko lonse zikudutsanso pomwepo. Munakwera minibasi imodzi ndi akuba. Pa rodibuloko amatsitsa nonse.”

“Basi,” anatero Subira, “tiwauza azunguwo kuti akuba ananamizira dzina lathu.”

Che Rajabu anapukusa mutu. “Kalata iliyonse yochoka pa dzina lanu imanyamula chidindo chobisika, chotsimikiza kuti yachokadi m'nyumba mwanu. Wonamizira alibe chidindo chimenecho. Mlonda amamugwira, eni dzina n'kuyera. Koma makalata awa onse ali ndi chidindo chenicheni. Munthuyu sanalowere pazenera, analowera pakhomo. Ndipo mbava yakuba kiyi singapemphe malata a tchalitchi cha kwa Nchema.” Anatembenukira kwa Jessica mofatsa. “Mayi, kiyi ali ndi anthu angati?”

Subira anayang'anitsitsa chithunzi cha tchalitchi chosasuka chija, anayang'ana mnzake, n'kutsonya. Anali atadziwa.

Che Rajabu anasintha kiyi pomwepo. Anati dzina lodetsedwa limachira, koma pang'onopang'ono ngati bala la pamsongolo, ndipo gululo linalibe nthawi yodikira. Choncho analemba mawu ochepa kuchokera pa adiresi ya ntchito yawo, opanda chithunzi, opanda moni wautali. Amenewo anadutsa pageti. Yankho linabwera lozizira ngati madzi a m'chitsime mu Juni. Azungu aja anati atasuzumira kudzala, kalata ya denga ija nawonso anaipezako, aliyense wa iwo, dzina la gulu lili pansi. Anati akutumiza nthumwi yawo, a Timothy, kuchokera ku Zomba.

A Levi anabwera okha kudzadandaula.

“Make Tina, kiyi uja akukana.”

“Ndasintha, amalume.”

Jessica anagwada, n'kuwauza zonse: za dzala, za chidindo, za munthu amene akubwera. A Levi anapukuta magalasi awo ndi mpango pang'onopang'ono.

“Pamsonkhanopo ndidzabwera,” anatero. “Mwana wa mlongo wanga sangaime yekha pamaso pa alendo.”

Mtima wa Jessica unatsika pang'ono. Anaganiza kuti malume adzaulula okha.

Tsikulo kunatentha kuyambira m'mawa, mpweya osagwedezeka. Amayi anasesa kachipinda, anavala zitenje zofanana, anapukuta makina ndi mafuta mpaka kunyezimira. Pikapu yoyera inaima kutsogolo kwa sitolo, fumbi lake n'kulowa pakhomo isanazime. A Timothy anali bambo wofatsa, wa mawu apansi. Anawapatsa fanta, iwo anathokoza, n'kuiika pansi osatsegula. Amayi anayang'anana. Mlendo wokana chakumwa sabwera ndi zabwino.

“Akuluakulu kunjako andituma chonchi,” anatero atawerenga kalata ya denga ija mokweza. “Kupempha thandizo m'dzina la gulu pa zinthu zimene si za gulu ndi mlandu. Ngati anachita ndi munthu wakunja, mumutchule, dzina lake ndikalisiye kupolisi pa Boma, makina akhale. Mukapanda kutchula, iwo akuti ndiye kuti gulu linadziwa, ndipo makina ndipita nawo lero.”

Kwa amayi ambiri kanali koyamba kumva za kalatayo. Kunamveka manong'onong'o, kenako maso onse anagwera pa Jessica, poti tchalitchi chotchulidwacho aliyense ankadziwa amene amapemphera kumeneko.

Jessica anayang'ana a Levi. Anali kutsogolo, pampando wokhawo wa chotsamira, chipewa chili pabondo. Maso awo anali pa kaulusi kofiira kamene kanagwa pansi.

Jessica anaimirira.

“Kiyi anali ndi ine ndekha. Ndinamupereka ndi dzanja langali. Amayiwa sankadziwa kanthu. Chotsani ine, makina asiyeni.”

“Munamupereka kwa yani?”

“Kwa munthu amene sindikanatha kumukaniza.”

“Dzina, mayi.”

Subira anamukoka chitenje, n'kunong'ona mano ali chiluma. “Achemwali, ine malume a mwini sindingawatchule, si za pakamwa panga. Koma tayang'anani amayiwa. A Ruqaiya apo, ana asanu, mwamuna ali chigonere. Yankhulani!”

Jessica anawaona a Ruqaiya, manja ali pamutu wa makina awo ngati akutchinga mwana ku mvula. Anaonanso china m'maganizo: munthu wamkulu akuvulidwa jekete pa kauntala ya polisi, lamba, nsapato, magalasi. Mlongo wa mayi ake. Munthu amene adzaimirire pa ukwati wa Tina, amene adzalankhule pa maliro a aliyense wa m'mbumba. Anadikira.

A Levi anatsokomola. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kumanga batani la jekete. Jessica anatseka maso.

“Bwana, ine ndine malume ake. Mwanayu ndamulera ndine, si wakuba. Kungoti ana a masiku ano, zamakompyutazi zimawathamangira. Mumukhululukire.”

Anakhala pansi.

M'chipindamo munangomveka ntchentche imene inkazungulira botolo la fanta. A Timothy anadikirabe, chifukwa sanali munthu woipa. Anafunsanso kachitatu. Jessica anaima njii, misozi ikutsika, pakamwa potseka. Mwana ameneyu akatseka pakamwa, ngakhale ali wamng'ono, sankatseguka ndi chikwapu.

A Timothy anatuluka, n'kubwera ndi sikuludiraiva. Pikapu inali yochepa, matebulo sakanakwana, ndiye anati atenga mitu yokha, matebulo adzatenga ulendo wina. Anachotsa lamba wa makina oyamba, anamasula mutu, n'kuuzula. Pa makina a a Ruqaiya panali diresi ya yunifolomu yosokedwa theka, singano ili m'nsalu. Eni ake anakweza singano, anadula ulusi ndi mano, n'kuipinda diresiyo bwinobwino. Podutsa pafupi ndi Jessica anangoti, “Mulungu akuoneni,” osakweza mawu.

Mitu ya makina ndi yolemera, ndipo kupatula a Timothy, mwamuna m'chipindamo anali mmodzi yekha. A Levi anaika chipewa pampando, anapita pafupi ndi zenera, n'kunyamula mutu wa makina a Jessica, mosamala ndithu, ndi manja awiri.

“Ndiike pati, bwana?”

Lero Jessica amakhala pamsika pa Mauwa, pakati pa ogulitsa tomato, ndi singano ya pamanja, kusoka zigamba za mathalauza a akabaza. Msoko wake ngakhale wa pamanja umaposa wa makina a anthu ena, amene akukayika akaone. Amayi a gulu lija ambiri amadutsa osamupatsa moni, ndipo iye sawaimba mlandu. Subira yekha amakhala naye, kumutukwana pang'ono, kenako n'kumugawira chinangwa. A Levi akadali dikoni. Za iwo mbumba idzakhala pansi pa nthawi yake, ndipo tsiku limenelo silidzakomera munthu.

Matebulo aja, a Timothy sanabwerebe kudzatenga. Ali m'kachipinda muja, lililonse ndi chibowo chake pakati, ndipo mwini sitolo wayamba kufunsa kuti achoka liti.